Musanagule puloti kunja kwa Lilongwe, yendanipo kaye ndi mapazi

Mwezi sutha osalandira foni ya munthu wa kuntchito kapena wa kutchalitchi wofunsa kuti, "Achimwene, tamva munamanga cha ku Njewa. Kodi malo akupezekabe kumeneko?" Malo akupezeka, ndipo ogulitsa achuluka kuposa kale. Koma pali mafunso ena amene munthu ayenera kuyamba nawo asanafike pa limenelo, ndipo pafoni sindipeza mpata wowafotokoza. Ndiye ndati ndiwalembe pano monga ndinawadziwira ine, ena mwa iwo nditaluza kale ndalama.

Ndinakhala pa lendi ku Area 25 zaka 11. Alandilodi anali munthu wabwino, koma Januwale aliyense kalata yokweza lendi inkabwera, ndipo ana atafika atatu nyumba ija inachepa. Puloti imene tikukhalapo lero tinagula mu 2019, cha kuseri kwa msewu wa Mchinji, ndipo tinalowa m'nyumba mu 2022 ilibe siling'i, pansi pali simenti yokhayokha.

Chifukwa chake tonse tikuthamangira kunja kwa mzinda

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 990,000, pamene mu 2008 sankafika 700,000. Anthu onsewa akufuna pogona. Malawi Housing Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inamanga nyumba zimene timaziona ku Area 18 ndi madera ena, koma nyumbazo sizingakwanire mzinda umene ukukula chonchi. Ku Area 10, 43 ndi 47 munthu wodalira malipiro a pamwezi sangayerekeze n'komwe. Ndiye mzinda ukutsata misewu ikuluikulu: kumadzulo ku Airwing, Njewa, Chitipi mpaka kulowera ku Mpingu, kumpoto kupitirira Area 25 ndi Kanengo kulunjika ku Lumbadzi, kummwera ku Area 36, Kaphiri, Area 38 mpaka ku Nanjiri. Kumene tinkagula mondokwa ndi nzimbe zaka zochepa zapitazo lero kuli mipanda ya mabuloko.

Chimene chimakweza mtengo wa malo ndi phula. Msewu wa Bypass utatsegulidwa, Gateway Mall itamangidwa, kenaka Bingu National Stadium n'kutsegulidwa mu 2017, mbali yonse ya kumadzulo inasintha. Chachiwiri ndi kwacha. Itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene anali ndi kandalama kubanki anaona kuti kakusungunuka, n'kuthamangira kukagula malo. Abale athu a ku Joni ndi ku UK nawonso akugula kwambiri, ena osawaona n'komwe malowo. N'chifukwa chake mukayenda kwathu kuno muona mapuloti ambiri otchingidwa ndi mpanda koma m'kati muli udzu wokhawokha. Eni ake sakufuna kukhalamo, akusungiramo ndalama.

Ngongole ya nyumba ya kubanki ndi ya anthu ochepa. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezera chawo pamwamba. Ambirife timamanga pang'onopang'ono, ndi malipiro, chipereganyu, kangongole ka ku SACCO, ndi ndalama za soya kapena mtedza wa kumudzi. Zimenezi zikutanthauza kuti puloti mukagula mukhala nayo zaka ziwiri, zitatu musanagonepo. Pa zaka zimenezo ndi pamene mavuto onse obisika amatulukira.

Funsani kaye kuti malowo ndi a mtundu wanji

Kunja kwa mzinda mukumana ndi malo a mitundu itatu. Pali malo a liizi, okhala ndi mapepala ochokera ku unduna wa za malo, ku khonsolo kapena ku Housing, ndipo liizi ya nyumba yokhalamo nthawi zambiri imakhala ya zaka 99. Pali malo a makampani amene amagula munda waukulu n'kudula mapuloti, kumagulitsa mopereka pang'onopang'ono. Ndiye pali malo a m'manja mwa mafumu, amene ndi otsika mtengo ndipo ndi amene ambirife timakwanitsa. Ine ndinagwera pa achitatuwa.

Puloti yanga yoyamba sinali ya ku Njewa. Inali kummwera kwa mzinda, mu 2018. Dobadoba wina ananditengera kwa bambo wachikulire, wooneka waulemu, amene anandiyendetsa m'munda wake n'kundionetsa malire, kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa chulu. Tinalemberana pa pepala la mu kope, dobadoba uja n'kusaina ngati mboni, ine n'kupereka theka la ndalama. Patatha masabata atatu ndinapita ndi thiraki ya mchenga. Ndinapeza amayi awiri atakhala pansi pa mango paja, ndi bambo wina ataima pambali atapinda manja. Mmodzi mwa amayiwo anandilonjera bwinobwino, kenaka anati, "Bambo, mchengawu mukupita nawo kuti? Munda uno ndi wa mayi athu. Amene anakugulitsaniyo ndi mkamwini, anadzangokwatira pano." Bambo woima uja anali malume awo, mwini mbumba. Sanakalipe. Anangoti, "Tiyeni kwa amfumu." Kwa amfumu nkhani sinatalike, chifukwa aliyense m'mudzimo ankadziwa mwini munda. Ndalama zinabwezedwa pang'ono chabe, mwa apo ndi apo, ndipo mchenga uja ndinausiya pomwepo chifukwa wa thiraki sakanaubweza ulere.

Ine ndine Mchewa, chikamwini ndikuchidziwa kuyambira ndili mwana. Chinandiphimba m'maso ndi changu komanso mtengo wotsika. M'midzi yambiri yozungulira Lilongwe, kwa Njewa, kwa Tsabango, kwa Chitukula, kwa Malili, munda umayenda m'fuko la akazi. Mwamuna akhoza kuulima zaka 30 koma osakhala wake. Choncho funso loyamba musafunse wogulitsa, funsani anthu ena: munda uwu unali wa ndani, ndipo unafika bwanji kwa ameneyu? Funsani agogo amene akupalira m'munda woyandikana nawo. Funsani wa pa okala. Pitani tsiku lina muli nokha, popanda dobadoba, chifukwa iye amadya pokhapokha malonda atatheka, ndipo sangakuuzeni chimene chingawaononge.

Mukakhutira, nkhani ipite kwa nyakwawa, ndipo ngati n'kotheka ifikenso kwa agulupu. Tsiku lolemberana pakhale wogulitsa, mkazi kapena mwamuna wake, mwini mbumba, ana aakulu a pabanjapo, ndi eni minda ya mbali zonse zinayi. Musalole zoti "achemwali ali ku Kasungu koma avomera." Aimbireni foni pomwepo onse akumva, kapena dikirani abwere. Yendani malire onse pamodzi. Pa pepala palembedwe mayina monga alili pa chitupa cha unzika, muyeso wa malo m'mamita, mtengo wonse, ndi zimene zaperekedwa tsikulo, ndipo amfumu adinde chidindo. Ndalama zidutse kubanki kapena pafoni kuti pakhale umboni. Jambulani zithunzi anthu onse ataima pamalopo.

Mango ndi chulu si malire. Mango amadulidwa, chulu chimaumbidwa njerwa. Itanani saveya wovomerezeka adzayeze n'kuika mabikoni a simenti sabata yomweyo. Ndipo musagone pa kalata ya amfumu yokha. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, amapereka njira yolembetsera malo a makolo, choncho pitani ku ofesi ya za malo ya boma lanu mukafunse njira imene ikugwira ntchito m'dera limenelo, muyambe kuyendetsa mapepala ndalama za simenti zisanakutheni. Mukafunsenso ngati malowo sali m'njira ya msewu, ya nthambo zikuluzikulu za magetsi kapena ya mapaipi. Amene anamanga m'malo oterewa anaona nyumba zawo zikulembedwa chizindikiro chofiira.

Malo a liizi ali ndi misampha yawo. Kampepala kamene wogulitsa akukuonetsani kangakhale kakale kapena kopanga. Pitani ku Land Registry, ofesi yosunga kaundula wa malo, mukapange search, muone dzina limene lili m'kaundula, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole kubanki kapena wina sanaikepo chiletso. Funsani ngati ground rent (lendi ya malo a liizi) ndi city rates (msonkho wa kukhonsolo) zilibe ngongole, chifukwa ngongoleyo imatsata malo, sitsata munthu. Ngati mwini wake anamwalira, wogulitsa aonetse mapepala a kukhoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Mwana mmodzi sangagulitse nyumba ya ana asanu. Apa lipirani loya, ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlandu, ndipo musamalize kulipira kufikira kusintha dzina kutayamba kuyenda.

A makampani afunseni zinthu zitatu: title deed (chikalata cha umwini) ya munda wonsewo ili m'dzina la ndani, mapu odulira mapulotiwo anavomerezedwa ndi a mapulani a mizinda kapena ayi, ndipo inu mudzalandira liti mapepala a m'dzina lanu. Kenaka pitani ku malo amene anagulitsa zaka zitatu zapitazo mukaone ngati misewu ndi madzi amene analonjeza zinafikadi. Ogula akale ndi amene angakuuzeni zoona.

Pitani mu Febuluwale

Mapuloti ambiri amagulitsidwa m'chilimwe, dothi lili gwa, galimoto ikufika paliponse. Mu Okutobala dambo ndi mtunda zimaoneka chimodzimodzi. Ngati mungathe kudikira, kaoneni malowo mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Valani majombo, galimoto muisiye pa phula, muyende wapansi njira imene ana anu azidzayenda popita kusukulu.

Ngati simungadikire dzinja, dothi limanena lokha. Dothi lakuda lokhala ndi ming'alu ikuluikulu ndi la dambo: likamwa madzi limafufuma, likauma limakhwinyata, ndipo limang'amba makoma. Mukaona bango, nsenjere, kapena madimba a masamba pafupi, dziwani kuti madzi ali pamwamba. Yang'anani m'munsi mwa makoma a nyumba zoyandikana nazo. Mzere wakuda kapena pulasitala yofundukafunduka ikukuuzani pamene chinyontho chimafika. Katondo wofiira wa pamtunda ndiye wabwino, ndipo fawundeshoni yake siidya ndalama zambiri. Puloti ya m'dambo imatsika mtengo pogula, koma zimene mwapulumutsazo zimathera pansi, pa miyala ndi zitsulo zimene palibe adzazione.

Za m'mphepete mwa mitsinje ndisachite kutalikitsa. Amene analipo mu 2017 akukumbukira mmene Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. A ku Blantyre anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche usiku. Malo a m'khwawa, a m'mbali mwa mtsinje ndi a m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo asiyeni, ngakhale atakuuzani kuti mupereke theka.

Tsiku lina dzukani m'mamawa mukaime pa siteji ya kumeneko 6 koloko, pakati pa sabata, mukwere ngati mukupita kuntchito. Werengani nthawi ndi ndalama: kabaza kuchokera kunyumba kufika pa phula, minibasi kufika m'tauni, ina yokafika ku City Centre kapena ku Kanengo. Chulukitsani ndi masiku 22, kenaka ndi anthu a m'nyumba mwanu amene amayenda tsiku ndi tsiku. Mnzanga wina anamanga nyumba yabwino kutali kwambiri, koma atawerengera za mayendedwe anaiika pa lendi n'kubwerera ku Kawale. Mafuta akasowa, ngati mmene zakhala zikuchitikira zaka zino, a kabaza amakweza mtengo tsiku lomwelo, ndipo wokhala kutali ndi amene amayamba kumva kuwawa.

Madzi ndi magetsi muziwerenge ndi maso anu. Mawu oti "a Waterboard afika posachedwa" ndinawamva mu 2019. Pezani nyumba yomaliza imene ili ndi mita ya madzi, muyeze mtunda kuchokera pamenepo, chifukwa mapaipi a mtunda umenewo akhoza kudzakhala a m'thumba mwanu. Funsani amayi a pamenepo kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndiponso nthawi yanji. Ngati anthu amadalira zitsime, onani kutalikirana kwa chitsime ndi zimbudzi. Azaumoyo amalangiza mamita osachepera 30, koma pa puloti ya mamita 15 kwa 30, chimbudzi cha aneba chili kuseri kwa mpanda, muyeso umenewu sutheka. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ife madzi a pachitsime timachapira ndi kuthirira, akumwa timathira mankhwala. Ku magetsi, werengani mapolo kuchokera pa thiransifoma yapafupi. Tinakhala miyezi yambiri tikudalira kasola ka mababu anayi ndi kutchajira mafoni, ndipo mpaka pano sitinakachotse.

Kumanga

Apa ndidutsa msanga chifukwa aliyense ali ndi mmisiri wake womulangiza. Pulani ipite kukhonsolo isanayambe ntchito. Musajambulitse nyumba ya zipinda zisanu pamene thumba lanu ndi la ziwiri. Kwathu kuno kuli nyumba zikuluzikulu zimene zinaima pa windo zaka zisanu zapitazo, njerwa zikusungunuka ndi mvula. Ife tinayamba ndi kanyumba ka kumbuyo ka zipinda ziwiri, tinasamukiramo, ndalama ya lendi n'kuyamba kupita ku simenti. Kukhala pamalopo kunathetsanso kusowa kwa zipangizo. Lero kanyumbako muli mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi, ndipo lendi yake ndi imene imagula mayunitsi.

Mukapeza ndalama yambani kugula zimene mtengo wake umatsata dola ndipo sizionongeka: malata, zitsulo, mawaya, mafelemu. Simenti musaunjike, imauma m'thumba ikakhalitsa. Mmisiri mulipireni pa gawo lililonse likatha, fawundeshoni, windo, bimu, denga, osati zonse pakamodzi. Ine ndinasankha mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha. Khoma limakwera msanga, komanso mukaona mmene nkhalango ya Dzalanyama yathera, kumene kumachokera madzi amene mzinda uno umamwa, mtima sulola kuyatsa uvuni wina. Fawundeshoni ithiridwe mankhwala a chiswe asanathire konkire.

Ngati mukugula nyumba yomangamanga, samalani ndi penti watsopano. Pitani ndi mmisiri wanu, akwere m'denga aone mitengo, agogode pulasitala, atsegule mipopi yonse, afunse pamene pali septic tank.

Anthu amene muwapeze

Gawo ili ndi limene ogula ambiri saliganizira, koma kwa ine ndi limene lapangitsa kuti malo ano akhale kwathu. Pamene ife timati "kumapuloti", ena amati kumudzi kwawo. Makolo awo anaikidwa pomwepo. Anagulitsa minda chifukwa cha fizi, matenda kapena feteleza, ndipo tsopano akuona mipanda italiitali ikumera pamene ankalima chimanga, eni ake akudutsa pa galimoto magalasi ali otseka. Mukalowa ngati munthu amene wagula chilichonse, adzakusiyani nokha, ndipo kunja kuno munthu payekha sakhalitsa.

Musanatsitse thiraki yoyamba, pitani kwa amfumu mukadzionetse, mutatenga kenakake m'manja monga mwa mwambo. Nenani kumene mukuchokera, mfumu ya kwanu, ndi mpingo wanu. Funsani malamulo a m'mudzimo: za maliro zimayenda bwanji, chopereka ndi zingati pa khomo, manda ali kuti, ndi malo ati amene mlendo sayenera kufikako. Kuno ndi kwa Achewa, dambwe lilipo, ndipo gule amatuluka. Auzeni ana anu ndi antchito anu kuti kumsitu wa kumanda sikotola nkhuni kapena kudulirako njira, ndipo akakumana ndi gule apatuke mwaulemu, asaloze chala kapena kujambula. Kaya mpingo wanu umati chiyani pa za gule, ulemu wa pamsewu sukuchotserani chikhulupiriro.

Titangotha miyezi iwiri chisamukireni kuno, kunagwa maliro a agogo ena aakazi kuseri kwa mpanda wathu. Ndinali ndisanayankhulepo nawo kupatula moni. Mkazi wanga anamanga chitenje, anatenga ufa m'beseni ndi kamtolo ka nkhuni n'kupita kukakhala ndi amayi anzake kumphika. Ine ndinapita madzulo, ndinakhala pa moto ndi azibambo mpaka usiku, m'mawa n'kupempha kuntchito kuti ndifika mochedwa. Panalibe chachikulu chimene ndinachita. Ndinapereka chipepeso, dzina linalembedwa m'kope, ndipo galimoto yanga inakatenga mipando kutchalitchi maulendo awiri. Pomwaza maliro amfumu anatchula kuti "alendo athu a pa mpanda wa mabuloko paja tinali nawo." Chaka chotsatira bambo anga anamwalira kumudzi ku Dowa. Tisananyamuke n'komwe, amayi a m'mudzi muno anali atafika kale pakhomo, ena anakwera nafe, ndipo anyamata awiri anagona pakhonde masiku anayi kulondera nyumba popanda wowatuma. Pali aneba ena, anthu abwinobwino, amene amangotumiza ndalama pafoni maliro akachitika. Ndalamayo imalandiridwa, koma anthu amakumbukira nkhope imene anaiona pa siwa.

Ntchito za pamalo panu, kukumba fawundeshoni, kutunga madzi, kusenza mchenga, kulondera, perekani kwa anthu a pomwepo, ndipo muziwalipira pa tsiku limene munagwirizana. Mmisiri wamkulu mukhoza kubwera naye, koma othandiza akhale a m'mudzimo. Tomato ndi masamba muzigula pa benchi ya aneba. Mnyamata amene anakumba nawo fawundeshoni yanu sangaonerere wina akukwera mpanda wanu.

Mikangano yambiri ya kumapuloti imachokera pa zinthu ziwiri: njira ndi madzi a mvula. Wogulitsa amafuna kudula mapuloti ambiri, ndiye msewu amausiya wopapatiza, ndipo womanga mpanda aliyense amabako kaphazi kamodzi. Mapeto ake thiraki ya mchenga siikhota, ambulansi siifika. Pogula onetsetsani kuti msewu walembedwa pa mapu a saveya, ndipo pomanga mpanda bwererani m'kati pang'ono m'malo motulukira kunja. Ngati pa puloti yanu pamadutsa kanjira ka kumjigo kapena ka kusukulu, musangotseka m'mawa umodzi. Kambiranani ndi amfumu, papezeke podutsa pena, anthu auzidwe. Ine ndinasiya mita imodzi ndi theka kumbali ya kumadzulo kuti amayi azidutsa ndi zidebe, ndipo sindinadandaulepo nayo.

Madzi a mvula ndiye amadanitsa anthu ophunzira okhaokha. Denga la malata ndi bwalo la simenti sizimwa madzi, onse amatuluka pa kabowo ka mpanda n'kukagwera kwa wa kumunsi. Mpanda wa aneba athu ena unagwa usiku umodzi mu Januwale chifukwa wa kumtunda anatsekera madzi njira yake yakale. Musanamange mpanda, imani pamodzi ndi wa kumtunda ndi wa kumunsi mvula ikugwa, muone kumene madzi amalowera mwachibadwa, mugwirizane ngalande imodzi. Siyaninso mbali ina ya bwalo ili ya kapinga kapena ya dimba.

Dziwaninso kuti anthu akakolola, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa. Ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Ngati mwadzala mitengo ya zipatso puloti isanatchingidwe, itchingireni ndi minga kapena njerwa, musakayambe milandu ya mbuzi chaka chanu choyamba.

Za chitetezo: polisi ili kutali, ndipo usiku msewu wathu galimoto imayenda pang'onopang'ono. Tili ndi gulu la neighbourhood limene khomo lililonse limasonkhera pamwezi, ndi gulu la pa WhatsApp la mdera lonse. Lowani zonse ziwiri, ndipo muzipereka ngakhale musanasamuke, chifukwa zipangizo zanu zili pomwepo. Chimodzi chimene tinalakwitsa poyamba n'chakuti pa WhatsApp tinalipo obwera okhaokha, tikulemberana m'Chingerezi, n'kumagwirizana zinthu zokhudza mudzi wonse eni mudzi osadziwa. Mphekesera zinayamba zoti akumipanda akufuna kulanda ufumu. Tinasintha: nkhani iliyonse yaikulu imakambidwa pabwalo la amfumu Loweruka masana, m'Chichewa, ndipo zosonkha zimagawidwa molingana ndi mphamvu. Wa galimoto amapereka ndalama ya gelevulo, wopanda ndalama amabwera ndi khasu kapena wilibala. Ndi mmene tinakonzera kamlatho ka pa khwawa kamene kankatitsekera kunja mvula ikagwa.

Zinyalala kuno palibe galimoto ya khonsolo yodzatenga. Kumbani dzenje la zoola, zisanduke manyowa, ndipo mapepala a pulasitiki ndi matewera musakataye pa puloti ya mnzanu imene sanamangepo. Mapuloti osamangidwawa ndi vuto lathu lalikulu panopa: udzu umatalika, njoka ndi akuba amabisalamo, ndipo mu Ogasiti moto ukabuka umafika mpaka pa mipanda. Ngati mwagula koma simumanga msanga, makamaka inu a kunja, pezani banja la pomwepo lizilimapo chimanga kapena mtedza, mulemberane pamaso pa amfumu kuti akungobwereka chaka ndi chaka. Malo amakhala osamalika, banjalo limapeza chakudya, ndipo dobadoba sangabweretse wogula wachiwiri pa munda umene pali munthu akupalira. Musiyirenso aneba nambala yanu, ndipo mukabwera ku Malawi mudzafike, mudzaone ngati mabikoni anayi aja akadali pamene saveya anawaika.